Giya imodzi mpaka ku Kachulu

Njinga za magiya zimafa imfa yofanana m'dziko muno. Chimayamba kupindika ndi kachitsulo kolendewera kumbuyo kaja, kamene kamasamutsa tcheni kuchoka pa mano awa kupita pa awo. Njinga ikangogwera kumanja, kapena akaipanikiza kumbuyo kwa minibasi pamodzi ndi matumba a chimanga, kachitsuloko kamapotoka n'kuyamba kunyambita masipoko. Posakhalitsa waya wake amaduka, tcheni chimayamba kulumpha mano pachitunda, mwini wake amapita kwa okonza njinga n'kuuzidwa kuti chotere kuno kulibe, akayese ku Limbe. Ku Limbe akamva mtengo amabwerako chimanjamanja. Njinga ija amaitsamiritsa kuseri kwa nyumba kuti idikire malipiro a mwezi wa mawa, ndipo mvula imaipeza pomwepo chaka ndi chaka.

Ya achimwene anga inafa choncho. Anaigula pa kaunjika, imodzi mwa njinga za matayala onenepa zija zimene zinadzaza m'misika yathu matipate atayamba, ndipo ponyamuka kupita ku Johannesburg anaisiya kwa amayi ku Chinamwali ndi mawu akuti pasapezeke woigwira. Palibe anaiba. Inangotha pang'onopang'ono, mwachibale. Chubu cha kutsogolo chinasanduka malegeni, cha kumbuyo chinang'ambidwa kukhala zingwe zomangira nkhuni. Waya wa mabuleki anapita kwa mnyamata wina amene ankakhoma banjo. Limu ya kutsogolo ana ankaithamangitsa ndi kamtengo mumsewu mpaka inakalowa m'ngalande osabwerako. Ine ndinapeza felemu, foloko, mahandulo, zopalasira, ndi wilo la kumbuyo limene linapulumuka chifukwa manati ake anali atagwirana ndi dzimbiri. Kunsi kwa foloko mavu anali atamatako nyumba yawo ya dothi.

"Ukufuna ukagulitse kwa a zitsulo?" anandifunsa amayi. Ndinati ayi, ndikufuna ndipite nayo ku Chilwa. Anandiyang'ana, anayang'ana chitsulocho, n'kupitiriza kupeta mpunga wawo.

Amisiri amene ndinawapititsira amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango chakufupi ndi msika wa Zomba. Ndi achikulire, anayamba ntchitoyi nthawi ya ma Humber ndi ma Raleigh. Sanayambe ndi kundifunsa chimene ndikufuna. Anatulutsa maginito a sipika yakale n'kuwagunditsa pa felemu, ndipo anamata. "Chitsulo ichi," anatero. "Ikanakhala ya aluminiyamu ndikanakubwezani, chifukwa ija ikang'aluka owotcherera athuwa saitha." Anaipukuta ndi chiguduli pakhosi, pansi pomwe pamakumana mapaipi, ndi pa timiyendo togwira wilo la kumbuyo, kufunafuna mng'alu. Anaigogoda ndi sipanala akutchera khutu, chifukwa paipi imene dzimbiri laidya mkati imalira mogontha.

Kenako anatenga ulusi wosokera matumba. Anaumanga pomwe pamalowa ekiselo ya kumbuyo mbali ya kumanja, anauzunguliza kutsogolo pakhosi pa felemu, n'kubwera nawo kudzaumanga mbali ya kumanzere. Ndi kamtengo ka machesi anayeza mpata wa pakati pa ulusi ndi paipi ya chishalo, uku ndi uku. Mipata inafanana. "Ndi yowongoka. Achimwene anuwo sanagunde nayo mbuzi."

Apa ndipamene ndinanena kuti magiya sindikuwafuna, ndikufuna giya imodzi basi. Sanadabwe. Anangondilozera ndi mlomo beseni limene linali pansi pa benchi, lodzaza ndi zosinthira magiya zopindika, zothyoka, zopanda timawilo take.

Ntchito inayambira pamtima pa njinga, pomwe pamazungulira zopalasira. Mnyamata wawo wophunzira ntchito anakola sipanala pa kapu ya kumanja n'kuyamba kukoka mwa masiku onse, amisiri n'kumugwira dzanja: kapu imeneyo mazinga ake ndi otembenuka, imamasukira kumene zinthu zina zonse zimamangira. Pedulo wa kumanzere nayenso ali choncho, ndipo njinga zambiri zaonongekera pomwepa m'manja mwa anthu amphamvu. Mkatimo girisi anali atasanduka dothi louma, machaka ali psuu. Anaikamo atsopano, 11 mbali iliyonse, kuwamata m'girisi ndi chala mmodzimmodzi. Chitsulo chonyamula chishalo ndiye chinali chitamera m'paipi yake. Anatembenuza felemu chadodolido, anathira palafini wosakaniza ndi oyilo wakuda wa galimoto kudzera kunsi, n'kundiuza kuti ndizipita, dzimbiri silimva zoti munthu akufulumira. Nditabweranso anamanga mutu wa chitsulocho pa vaisi ya owotcherera oyandikana nawo, amuna awiri n'kugwira felemu yonse kumaipotoza uku ndi uku. Inalira kwii, kwii, kenako chitsulo chija chinazuka.

Zochotsa magiyazi kunja kuli anthu amene amazichita mwadala, ndalama ali nazo. Njinga za m'mapiri zinabadwira ku Marin County, ku California, m'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata monga Joe Breeze, Gary Fisher ndi Charlie Kelly ankatola mafelemu akale a Schwinn n'kumatsetsereka nawo m'misewu ya fumbi ya m'mapiri a kwawoko. Zambiri mwa njinga zoyambazo zinali za giya imodzi, buleki yake yopondera chammbuyo, ndipo pa mpikisano wawo wa Repack, umene unayamba mu 1976, girisi wa mu habu ankapsa mpaka kufuka utsi asanafike pansi. Magiya anawonjezedwa kuti athe kukweranso phiri ndi miyendo yawo, ndipo pofika 1981 kampani ya Specialized inali ikugulitsa Stumpjumper yochokera ku fakitale. Magiya atachuluka, 21, 24, 27, ena anatopa nawo n'kuyamba kuwazula. Lero kuli mpikisano wa dziko lonse lapansi wa njinga za m'mapiri za giya imodzi; mu 2012 unachitikira ku South Africa, ndipo wopambana amamulemba chizindikiro chosafufutika pakhungu. Nditawafotokozera amisiri anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye akabaza onsewa ndi akatswiri a dziko lonse, eti?"

Sanalakwe. Kwa ife giya imodzi si fasho. Ma Hero, ma Avon, ma Phoenix amene amanyamula makala, nkhumba, odwala ndi matumba a feteleza onse amayenda pa giya imodzi. Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005, anaipanga mwadala kuti ikhale ya m'misewu yathu, keliyala yake yonyamula makilogalamu 100, ndipo nayonso anaipatsa giya imodzi. Sitolo iliyonse ya kumudzi imene imagulitsa sopo ndi mchere imakhalanso ndi tcheni, filiwilo, machaka ndi zigamba za njinga zimenezi. Chosinthira magiya mulibe. Ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kanthu kalikonse kochokera kunja kamafuna munthu aganize kawiri. Ine cholinga changa sichinali kudzizunza. Ndinkafuna njinga imene ingakonzedwe pansi pa mtengo uliwonse pakati pa Zomba ndi nyanja.

Mwayi wa njinga zakalezi uli pa habu ya kumbuyo. Mulu wa masipuloketi 6 umangomangidwa pa mazinga, ndipo mazingawo ndi amodzimodzi ndi a njinga wamba. Ukauchotsa, filiwilo ya kusitolo imalowa popanda kukakamiza. Zatsopanozi habu yake ndi ina, imafuna kusiya sipuloketi imodzi n'kudzaza mpata wotsalawo ndi mphete, ndipo ena amadula paipi ya pulasitiki ya madzi. Ife zimenezo sizinatikhudze.

Nkhani inali pa mano. Kutsogolo kunali masipuloketi atatu okhomeredwa pamodzi, a mano 48, 38 ndi 28. Tinasankha ya pakati. Kumbuyo pamsika pamapezeka ya mano 16, 18 kapena 20. Wilo la mainchesi 26 likazungulira kamodzi limayenda mamita awiri ndi kanthu pang'ono pamwamba, choncho masamu ake ndi osavuta: ndi 16, kupalasa kamodzi kumakupititsa pafupifupi mamita 4.9, ndi 18, mamita 4.4, ndi 20, mamita 3.9. Njinga wamba ya mawilo a mainchesi 28, ya mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, imaposa mamita 5, n'chifukwa chake pamalo osalala imakudutsa mwini wake akuimba mluzu, koma pachitunda amatsika msanga. Amisiri masamuwa sanawalembe paliponse. Anangofunsa kumene ndimakhala ndi kumene ndimapita. "Ya 16 ndi ya anthu a ku Nchalo, kopanda chitunda. Ya 20 ndi ya okwera Ku Chawe. Inuyo muli pakati, bwana, tengani 18. Koma dziwani kuti iliyonse imene mungasankhe, pali malo amene mudzaitukwana." Sipuloketi yaikulu ija anaisenga mano kwa owotcherera kuti izitchinga buluku lisalowe m'tcheni. Yaing'ono anaisiya, akuti siipempha nsima.

Filiwilo itamangidwa, ndinaona ndekha kuti tcheni chikuyenda mopingasa, chifukwa sipuloketi imodziyo inakhala mkati kwambiri, pafupi ndi masipoko. Tcheni chopingasa chimalira, chimadya mano, ndipo chimavuka pa bampu yoyamba. Amisiri anasolola ekiselo, anasamutsa mawashala kuchoka kumanja kupita kumanzere mpaka habu inasunthira kunja, mano a kumbuyo n'kuyang'anizana ndi a kutsogolo. Koma kutero kunachotsa limu pakati pa felemu. Apa ndipamene ndinaona umisiri weniweni. Anakhala pa chitini, wilo ali nalo pakati pa mawondo, kiyi wa masipoko m'dzanja, kumasula a kumanja pang'ono, kumanga a kumanzere pang'ono, kuzungulira wilo lonse, kenako kuyambiranso. Chala chachikulu anachitsamiritsa pa felemu, chikhadabo chikukhudza limu, kuti amve pomwe yapotoka. Sanalankhule ndi munthu mpaka anamaliza. Phindu lake ndi lakuti wilo lotere limalimba kuposa kale: masipoko a mbali zonse amakoka mofanana, ndipo ekiselo siipindikanso msanga chifukwa machaka a kumanja asendera pafupi ndi felemu.

Chotsala chinali kukoka tcheni, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagonjera. Pa njinga wamba, mpata wolowetsa ekiselo ndi wautali, umangokokera wilo m'mbuyo mpaka tcheni chitakungika. Pa njinga za magiya ntchito yokoka tcheni imagwiridwa ndi kachitsulo kolendewera kaja, choncho opanga sanavutike kusiya mpata. Zambiri ekiselo imangolowa chokwera n'kukhala pomwepo. Yathuyi, pokhala yakale, inali ndi kampata kopendekeka, kafupi. Mfundo za tcheni zimatalikirana mamilimita 12.7 ndipo zimachoka ziwiriziwiri, choncho ukachotsa, wilo limayenera kusendera kutsogolo pafupifupi mamilimita 13. Kampata kathu sikanakwane. Tcheni chimakhala chachitali wilo lili kumapeto, kapena chachifupi wilo osalowa n'komwe. Ndinafunsa ngati sitingabwezerepo chosinthira magiya chakale kuti chizingokoka tcheni, monga amachitira ena. "Mukufuna kuthamangitsa mfiti n'kusunga nsupa yake?" anatero. Anakhuthula chitini cha majarini chodzaza ndi tizitsulo, anafufuza ndi chala, n'kutulutsa hafu linki, kamfundo kamodzi kotakata mbali ina, kopyapyala mbali ina, kamene kamasuntha wilo theka la mtunda uja. Kanalowa. Anazunguliza zopalasira pang'onopang'ono kufuna pomwe tcheni chimakungika kwambiri, popeza palibe sipuloketi yozungulira bwinobwino, ndipo pamenepo anasiya kuti chizisewera pafupifupi sentimita imodzi. Kenako anamanga manati mpaka mitsempha ya m'khosi inaoneka.

Zina zonse zinapita msanga: wilo la kutsogolo la pa kaunjika, matayala, mawaya ndi mphira za mabuleki, chishalo, sandipepala, penti wakuda wa mafelemu a mawindo. Zitsulo zimene zinachotsedwa anandipatsa m'jumbo. Ndinawasiyira kuti awonjezere m'beseni lija.

Ndinanyamuka Loweruka m'mawa, mwezi wa July, chifunga chitakuta phiri la Zomba mpaka m'chiuno. Kuchokera m'tauni kukafika ku Kachulu ndi pafupifupi makilomita 30, ndipo popita msewu umakukondera, chifukwa tauni ili pamtunda wa mamita 900 kapena kuposerapo pamene nyanja ili chapansi, pa mamita 620 ndi kanthu. Choyamba chimene ndinamva ndi chakuti njinga siikulankhula. Panalibe kukwecha, panalibe kugogoda kwa tcheni pa felemu, koma matayala okha kung'ung'udza pa phula. Chachiwiri chinandipeza potsetsereka kulowera ku Matawale. Miyendo ya munthu wamba ikazungulira ka 90 pa mphindi imakhala yafika pothera, ndipo pa giya yangayi pamenepo ndi liwiro la makilomita 24 pa ola. Kupitirira apo umangopalasa mphepo, matako akudumpha pachishalo. Ndinasiya kupalasa, n'kulola kuti filiwilo izichita tiki tiki yokha. Mnyamata wina wa yunifolomu ya sukulu anandidutsa pa njinga ya abambo ake, ataimirira chifukwa chishalo chinamutalikira, ndipo anatembenuka kundiyang'ana mwachifundo.

Nditadutsa bwalo la ndege la asilikali n'kusiya phula, zinthu zinasintha. Msewu wa dothi nyengo yachilimwe umakhala ndi timabampu tondondozana timene timagwedeza mano m'kamwa, ndipo m'mbali mwake muli mchenga. Apa matayala onenepa analipira ngongole yawo. Pomwe a njinga za matayala opyapyala ankatsika kapena kupepesuka, ine ndinkadutsa chokhala. Mwera unkawomba kuchokera kutsogolo chakumanja, wozizira, wosapuma, ndipo pa mphepo yotere mamita 4.4 aja anali ondikwanira ndendende. Chala changa chachikulu chinkafunafunabe kabatani pa handulo msewu ukangokwera pang'ono, n'kupeza chitsulo chosalala. Patapita nthawi chinaleka.

Giya imodzi imasintha kayang'anidwe ka msewu. Wa magiya amatha kufika pansi pa kachitunda akuganiza za ngongole zake, n'kudina kabatani. Iwe uyenera kukaona kachitundako kadakali kutali, uwonjezere liwiro pasadakhale, ufike pakati pake uli ndi mphamvu yosungira, kenako uimirire pa mapedulo n'kumakoka mahandulo, njinga ikupendekekera uku ndi uku pansi pako. Ukachedwa kuganiza, watsika. Akabaza amadziwa zimenezi osaphunzitsidwa, ndipo ndinayamba kuwaonera: pomwe wayamba kuthamanga, nanenso ndithamange, ngakhale sindikuona chifukwa chake.

Anthu ambiri ankachokera kumene ine ndinkapita. Amalonda a nsomba anali atanyamuka kunyanja kusanache, madengu a matemba atasanjikizana kumbuyo mpaka kupitirira mutu, atakulungidwa ndi zingwe za chubu. Ena ananyamula matumba a mpunga wa m'madambo a Likangala, thumba lina pa keliyala, lina litalowetsedwa pakati pa felemu. Ndinkayang'ana njinga zawo m'malo moyang'ana nkhope. Keliyala wowonjezeredwa zitsulo za nyumba, pedulo wotsala ekiselo yokha yonyezimira ndi phazi, tayala losokedwa ndi ulusi pomwe linang'ambika. Njinga za m'mapiri zinalipo zingapo, ndipo pafupifupi zonse zinali zitachitidwa zimene ndinachita ine, kungoti mwachidule: tcheni chadulidwa n'kukolekedwa pa sipuloketi imodzi ya pakati pa mulu uja, zotsalazo zikungozungulira ndi dzimbiri lake. Njinga zamoto za kabaza ndizo zinkatimwaza tonse, hutala osalekeza, fumbi lake n'kutsala nafe.

Chigwachi ndi chotakata moti phiri la Mpyupyu, limene laima lokhalokha, umaliona kwa nthawi yaitali lisakuyandikira. Dothi lake m'malo ambiri ndi makande, lakuda, long'aluka nthawi ino. Mvula ikagwa limakakamira ku matayala mpaka wilo kuleka kuzungulira, ndipo chosinthira magiya chimakhala choyamba kuthyoka. M'chigwa chomwechi ndimo muli ndende ya Mikuyu, m'mene mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ukatembenuka, phiri la Zomba likuoneka lonse, ndipo m'munsi mwake ndi momwe muli sukulu imene inkatchedwa koleji ya Chancellor, kumene Mapanje ankaphunzitsa. Mtunda wake ndi woti munthu angaupalase asanamve njala.

Pofika pa Govala tcheni chinali chitayamba kugwedera. Tcheni chatsopano chimatero, ndipo timabampu tija tinali titathandizira. Ndinaima pa okonza njinga oyamba amene ndinawaona, mnyamata wa jezi ya mpira amene ankamata chubu. Sanafunse kuti njingayi ndi ya mtundu wanji. Anatenga sipanala ya 15, anamasula manati, anakokera wilo m'mbuyo ndi dzanja limodzi bondo litatsamira pa tayala, anasuzumira kumbuyo kuona ngati lili pakati, n'kumanga. Tiyi amene ndinaitanitsa pa tiyirumu yoyandikana anali asanazizire. "Anakupangirani ndani iyi, achimwene?" Ndinamuuza. Anagwada kuyang'ana hafu linki ija, anaigwira ndi chala, n'kugwedeza mutu movomereza. Ndinamulipira ndalama yosakwana mtengo wa tiyi ndi zitumbuwa zomwe ndinadya.

Kachulu amayamba kumveka m'mphuno asanaoneke: utsi wa nkhuni zowambira milamba, matemba oyanikidwa, matope. Kenako msewu umangothera m'madzi. Nyanja ya Chilwa si ya buluu ngati ya ku Mangochi. Madzi ake ndi otuwa, amchere pang'ono, ndipo m'mphepete monse mwazungulira njedza. Mabwato a matabwa anali ndandanda padooko, ena akupakira anthu, matumba a ufa ndi njinga zopita ku chilumba cha Chisi, chimene chimaoneka patsogolo pomwepo ndi mapiri ake. Oyendetsa amakankha bwato ndi nsungwi yaitali yofika pansi, chifukwa nyanjayi ndi yosaya, malo ambiri siipitirira mamita awiri kapena atatu. Mkati mwa njedzamo muli zimbowera, timisasa toyandama m'mene asodzi amakhala milungu ingapo osaponda mtunda.

Nyanjayi ndi yachiwiri kukula m'dziko muno, koma ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina imathiramo, dzuwa ndi mphepo n'kumachotsa. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanja imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka, mabwato atakhala pamtunda. Madala ena amene ankasoka ukonde pafupi ndi pomwe ndinatsamiritsa njinga anandiuza kuti mu 1995 anthu ankapita ku Chisi wapansi, ena pa njinga, kudutsa pomwe panali kuyandama mabwato tsiku limeneli. Nsomba zimabisala m'mitsinje ndi m'maiwe otsala, madzi akabwerera nazonso zimabwerera, milamba ndi matemba patsogolo. Chimene chimawadetsa nkhawa madalawo si kuphwako, akuti anakuona kale, koma dothi limene mitsinje ikukokolola kuchokera kumapiri kumene mitengo yatha. "Nyanja ikukwiririka, mwana wanga. Pomwe kale nsungwi inkamira yonse, lero imatsala." Anatero akukoka mfundo ndi mano.

Ndinadya nsima ya makumba pa kalesitilanti ka udzu, ndinagula matemba a amayi, n'kuwapachika m'jumbo pa handulo.

Pobwerera mwera unali kumbuyo, koma mamita onse amene msewu unandipatsa m'mawa unayamba kuwaitanitsa. Sakwera mwankhanza, amangokwera osaleka. Ndinapezana ndi bambo wina wa malonda a nsomba amene anachedwa kunyamuka, ali pa Avon yakale, madengu atatu kumbuyo, ndipo tinayenda limodzi osapangana. Iye ankadziwa chitunda chilichonse ndi pomwe amatsikira. Amati akafika pa mtengo wakutiwakuti amangotsika, osayesa n'komwe, n'kuyamba kukankha, dzanja lina pa handulo lina pa dengu. Poyamba ndinkamusiya, ndikukwera choimirira, mtima ukugunda m'makutu, n'kukamudikira pamwamba. Dzuwa litapendeka ndinayamba kutsika pomwe watsika iye. Kukankha kumapumitsa msana, ndipo kumapatsa mpata wocheza. Anandiuza mtengo wa dengu kunyanja ndi mtengo wake ku Zomba, ndi kuchuluka kwa zimene zimathera pa matayala.

Titafika pa phula anapempha kuti ailawe. Ndinagwira Avon yake, imene inangotsala pang'ono kundigwetsa ndi kulemera, iye n'kukwera yanga. Anapita mpaka pokhota, anatembenuka, anabwera akupalasa mwamphamvu miyendo ili mbwee, n'kumanga mabuleki onse awiri pafupi ndi mapazi anga. Anatsika, anainyamula ndi dzanja limodzi, anaiika pansi.

"Ndi yopepuka, achimwene, ndipo mabuleki ake ndi oona. Koma kumbuyoku mwaika mano ambiri, mukupalasa kwambiri ulendo wochepa. Ikanakhala yanga ndikanaika 16."

Ndinamukumbutsa kuti chitunda cha ku Matawale chikutidikira.

"Chimenecho ndi chokankha basi, ngakhale muike 20. Vuto lenileni ndi ili." Anamenya ndi chikhato pamwamba pa tayala la kumbuyo, pomwe panalibe kanthu. "Mulibe keliyala. Ndiye mwavutikiranji? Matemba a amayi anu akulendewera pa handulo, mawa akakutumani ufa mudzausenza pamutu?"

Anandilongosolera owotcherera ena a ku Chinamwali amene amapanga keliyala wa zitsulo za nyumba, n'kundichenjeza kuti ndikawauze asakawotcherere pa felemu penipeni, akamange ndi mabawuti, chifukwa mapaipi a njinga zotere ndi opyapyala, moto umawaboola. Kenako anakoka zingwe za madengu ake, analavulira m'manja, ndipo tinayamba kukankha.